Manthongo osatha ndi maso oyabwa: zochita pakhomo, ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Kuno ku Mulanje mvula ikangokata, fumbi n'kuyamba kuuluka m'misewu, simusowa ana opita kusukulu akutikita m'maso. Ena maso ali psuu, ena choyera cha diso chinasanduka chabulawuni, ndipo pakona pa diso pali manthongo oyera amene mukapukuta m'mawa, pofika masana abwereranso. Makolo ambiri amayamba ndi kukalipira mwana kuti sasukusula bwino. Kenako amagula kachubu ka mankhwala opaka m'maso, kakatha agulanso kena. Chaka chimatha manthongo ali pomwepo. Akuluakulu nawonso zimawachitikira, makamaka ogwira ntchito pafumbi: kuchigayo, kufakitale ya tiyi, pakabaza.

Nthawi zambiri vuto lotere si matenda opatsirana. Ndi ziwengo. Choyera cha diso ndi kunsi kwa zikope kuli kachikopa kopyapyala, ndipo mwa anthu ena kachikopa kameneka kamadana ndi zinthu zimene anzawo siziwavuta: mungu wa maluwa, fumbi la m'zofunda, chuku, ubweya wa mphaka. Zinthuzi zikagwera m'diso, timaselo tina timatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa histamine, ndipo histamine ndiye amayabwitsa, kutupitsa timitsempha ta magazi ndi kuchititsa diso kutulutsa misozi ndi manthongo ochuluka. Mulibe kachilombo koti muphe. N'chifukwa chake mankhwala opha tizilombo, monga tetracycline ndi chloramphenicol, ngakhale mupake mwezi wathunthu sathetsa vutoli. Chimene chimathandiza ndi kutsuka bwino, kuziziritsa, kuchepetsa chimene chikuwenga disolo, ndi kudonthezera mankhwala oyenera mosadumphitsa.

Yambani ndi kuyang'anitsitsa

Musanagule kanthu, khalani ndi wodwalayo panja powala, musambe m'manja ndi sopo, muone bwinobwino. Funso loyamba ndi ili: kodi m'maso mukuyabwa? Diso la ziwengo limayabwa mpaka munthu kufuna kulikolowola. Ngati silikuyabwa n'komwe, kayikirani, mwina ndi vuto lina. Manthongo ake amakhala amadzimadzi kapena oyera, onanda ngati therere, mukawakoka amatalika osaduka. Maso onse awiri amadwalira limodzi. Kawirikawiri munthuyo amayetsemulanso, mamina amadzi osatha, ndipo mukafufuza mupeza kuti iye kapena wina kubanjako ali ndi mphumu kapena zidzolo zosatherapo. Chinanso, m'nyumbamo anthu ena sakutengera, ngakhale akugona naye chipinda chimodzi.

Manthongo a mabakiteriya ndi osiyana. Ndi mafinya achikasu kapena obiriwirako, amamata zikope usiku moti m'mawa diso silitseguka, ndipo amakonda kuyamba diso limodzi. Amenewo ndiye amamva mankhwala opha tizilombo. Palinso matenda a maso ofiira a vayirasi, onga amene anayambira ku Karonga mu 2024 n'kufalikira maboma ambiri. Amenewo amagwira banja lonse pamasiku ochepa, diso limamveka ngati muli mchenga, limatuluka misozi yambiri, ndipo pakatha sabata imodzi mpaka atatu amatha okha. Ziwengo sizitha choncho. Zimapita, zimabwera, chaka ndi chaka nyengo yomweyo.

Kwa achikulire onaninso m'munsi mwa nsidze. Ngati muli tinkhanambo touma tomatirira, vuto lili m'mphepete mwa zikope, ndipo limafuna kuthowa ndi madzi ofunda, osati ozizira. Ngati diso ndi limodzi lokha, ndipo mukadina pakati pa diso ndi mphuno pakutuluka mafinya, njira ya misozi yatsekeka. Zimenezo n'zakuchipatala.

Zizindikiro zosagonera

Ndaika nkhaniyi pafupi ndi poyambira chifukwa diso silidikira. Mukaona chimodzi mwa izi, siyani zapakhomo, nyamukani tsiku lomwelo: diso likupweteka kapena kubaya, osati kungoyabwa, munthu akulephera kutsegula maso pakuwala, akuona mwachimbuuzi ndipo ngakhale aphethire sizikusintha, pakuda pa diso paoneka kadontho koyera, zikope zatupa kwambiri thupi likutentha, mafinya akuchita kuyenderera, mukapukuta nthawi yomweyo adzadzanso.

Khanda losakwana mwezi likamatuluka mafinya m'maso, musaganize n'komwe za ziwengo. Akhoza kukhala matenda amene latengera pobadwa, monga chinzonono, ndipo amenewo amaboola diso pamasiku ochepa. Chimodzimodzi mwana amene ali ndi chikuku kapena wonyentchera, maso ake akayamba kuvuta.

Anzanga a kumunda, samalani ndi ichi: ngati vuto layamba tsamba la chimanga, kamtengo ka tiyi podulira kapena mankhusu atakulasani m'diso, chimenecho ndi chilonda, ndipo zilonda za zomera zimalowa chuku chovuta kuchiza mukachedwa. Mankhwala opopera mbewu kapena laimu akakugwerani m'maso, tsukulizani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 mpaka 20 musanachite china chilichonse, kenako kuchipatala, botolo la mankhwalawo kapena dzina lake lili m'manja. Kachotupa kotuwa kamene kakukula pachoyera cha diso limodzi nakonso kamafuna kuonedwa msanga, makamaka kwa amene ali ndi HIV, chifukwa nthawi zina imakhala khansa yoti ikapezeka msanga imachotsedwa. Agogo amene nsidze zawo zapindikira m'kati n'kumakanda diso, musamangowazula nsidzezo. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda a maso amene amapinda nsidze chonchi, koma zipsera za matendawa zikadalipo mwa achikulire ena, ndipo pali opaleshoni yaing'ono yowongola chikope.

Ngati zonsezi palibe, pitirizani ndi zotsatirazi.

Kutsuka

Wiritsani madzi m'ketulo kapena m'poto woyera, abwate ndithu, muwasiye azizire ali chivundikirire. Thirani m'kapu kapena m'botolo lotsukidwa bwino la ntchito yokhayi. Madziwa ndi a tsiku limodzi, mawa muwiritsa ena. Madzi a mumtsinje, ngakhale a Likhubula amene amaoneka mbee potsika m'phiri, sali oyenera kulowa m'diso lodwala asanawiritsidwe.

Sambani m'manja. Nyowetsani thonje kapena kansalu koyera kofewa, wodwala atsinzine, mupukute kamodzi kuchokera kumphuno kupita kukhutu. Thonje limenelo tayani, diso linalo mutengere lina. Ngati mukugwiritsa ntchito nsalu, dulani tizidutswa tingapo ta nsalu yakale yofewa, tizichapidwa ndi sopo tsiku lililonse, kutsukuluzidwa mpaka sopo yense atatha, kuyanikidwa padzuwa, ndi kusitidwa ngati simbi ilipo. Nsonga ya chitenje chimene mwavala, chimene mwasesa nacho ndi kuphika nacho, isafike m'diso la mwana. Manthongo akauma pansidze m'mawa, ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda pang'ono kwa mphindi ziwiri kuti afewe, musawakakamize ndi chikhadabo.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa, ndipo ndi chimene chimachititsa kuti manthongo akhale osatha. Munthu akaona kaulusi koyera m'diso amakakoka ndi chala, ndi kona ya mpango, ena ndi kamtengo ka machesi. Kukhudza kulikonse kumakanda kachikopa kaja, ndipo kakakandika kamatulutsa manthongo ena ochuluka kuti kadziteteze. Mukakoka m'mawa, masana muli ambiri, mukokanso, madzulo achuluka. Ena chimene chinawenga diso chinatha kalekale, chatsala ndi chala. Pukutani zokhazo zimene zatulukira kunja pakona. Zimene zili m'kati zitsukeni ndi madontho a misozi yochita kupanga, kapena madzi amchere a kuchipatala amene amagulitsidwa ku famase, kenako muphethire kangapo, zituluka zokha. Osasungunula mchere wa kukhitchini kuti muthire m'diso, muyezo wake simungaupeze ndipo mudzangowonjezera ululu.

Tsukani m'mawa, pobwera kusukulu kapena kuntchito, ndi pogona. Kutsuka kwa pobwera kunja ndiye kofunika kwambiri, chifukwa kumachotsa fumbi ndi mungu zisanakhalitse. Sukusulani nkhope yonse, nsidze ndi zam'mwamba zomwe, ndipo amene wakhala pafumbi tsiku lonse asambe ndi mutu womwe, asinthe zovala asanagone. Fumbi la m'tsitsi limathera papilo, papilopo n'kulowa m'maso usiku wonse.

Kuziziritsa m'malo motikita

Kuuza mwana kuti "usatikite" osamupatsa chochita n'kungodzivuta. Kuyabwa kwake n'koopsa, ndipo iye sakuchita mwano. Mupatseni njira ina. Nyowetsani kansalu koyera m'madzi ozizira, finyani pang'ono, agone chagada atatsinzina, muike pamaso mphindi 5 mpaka 10, kansaluko kakafunda munyowetsenso. Kuzizira kumafinya timitsempha ta magazi, kutupa kumatsika, kuyabwa kumazilala. Chitani katatu kapena kanayi patsiku, ndiponso nthawi iliyonse kuyabwa kukamugwira. Amene alibe filiji asadandaule: ikani botolo la madzi owiritsa aja, lotseka bwino, m'mtsuko wa madzi kapena pamthunzi litakulungidwa ndi nsalu yonyowa. Amene ali nayo asungemo madziwo pamodzi ndi madontho a misozi aja, koma ayezi asagunde chikope, akulungidwe m'nsalu.

Chifukwa chake ndikulimbikira pa kutikita ndi ichi. Timaselo tija ta histamine tikafinyidwa timatulutsa wina wambiri, choncho kukoma kwa mphindi imodzi kumabweretsa kuyabwa kwa ola lathunthu. Choopsa kuposa pamenepo, kutikita kwa zaka zambiri kumapyapyalitsa kagalasi ka kutsogolo kwa diso mpaka kutumphuka, ndipo mnyamata amafika kusekondale osaona pabolodi, magalasi wamba osamuthandiza mokwanira. Wengani zikhadabo za mwana. Usiku ndi pamene amatikita kwambiri ali m'tulo, choncho muziziritseni asanagone. Mawu ngati "bwera mwanangu ndikuike kansalu kako" amagwira ntchito kuposa kumumenya padzanja.

Fufuzani chimene chikuwenga disolo

Tengani kope lakale, kwa milungu itatu kapena inayi muzilemba mzere umodzi patsiku: lero maso anali bwanji, munthuyo anali kuti, amachita chiyani, kunja kunali kotani. Zimaoneka zachibwana, koma zimaulula zambiri, ndipo adokotala mukawaonetsa ntchito yawo imaphweka.

Nyengo zathu kuno zili ndi adani osiyanasiyana. Mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chimatulutsa ngayaye, ndipo wolowa m'munda m'mawa amatuluka mungu uli mbuu pamapewa. Kumapeto kwa dzinja udzu umachita maluwa. Nthawi yokolola kuli fumbi la mapesi, la kupukusa chimanga ndi kupeta, kuwonjezapo mankhwala a ufa othira m'matumba. Chiperoni chikagwa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyumba zimachita chinyezi, makoma ndi zovala zimamera chuku, mabulangete amene anakhala m'sutikesi miyezi yambiri amatulutsidwa osachapidwa, mazenera amatsekedwa, ena n'kulowetsa moto m'nyumba. Mango akachita maluwa kuzizira kukutha, ena maso amayambapo. Kenako kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndiye chimake: fumbi la m'misewu, akamvuluvulu, utsi wa tchire lotenthedwa, wa zinyalala za kusosa, wa mauvuni a njerwa, kupuntha nandolo, ndi dzuwa loswa mtengo. Utsi ndi fumbi la mumsewu pazokha mwina sizingakhale gwero la ziwengo, koma diso lotupa kale zimalipsetsa mtima.

Ngati maso amavuta chaka chonse, makamaka podzuka m'mawa, yang'anani pogona. M'matiresi, m'pilo ndi m'mabulangete mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mfundu za khungu lathu, ndipo timakonda malo a chinyezi monga kuno kumene mvula imagwa yambiri. Ndowe zake ndizo zimawenga. Yanikani matiresi, mphasa ndi pilo padzuwa lamphamvu kamodzi pasabata, muzikunthe panja wodwalayo ali kutali. Nsalu zoyala ndi zapilo zichapidwe sabata iliyonse, ndipo mukatha kuzinyika m'madzi otentha kwambiri, a madigiri 60 kupita m'tsogolo, tizilomboto timafa. Neti nayo imasunga fumbi, ichapeni mofatsa nthawi ndi nthawi n'kuiyanika pamthunzi, ndipo yatsopano iyambe yakhala pamthunzi tsiku lathunthu isanapachikidwe. Koma musachotse neti chifukwa cha maso, malungo ndi oopsa kuposa manthongo.

Posesa yambani mwawaza madzi, ndipo wodwalayo asakhale wosesa. Pasimenti kolopani. Mphaka, nkhuku ndi nkhunda zisagone chipinda chimodzi ndi iye. Matumba a chimanga othira mankhwala achoke kuchipinda chogona. Khoma lakuda ndi chuku likwecheni, mukonze podontha, mazenera azitsegulidwa dzuwa likawala. Kukhitchini nkhuni zikhale zouma, utsi ukhale ndi potulukira, ndipo mbaula ya chitetezo imachepetsako utsi poyerekeza ndi mafuwa. Mwana wa maso otere asakhale woyatsa moto ndi kuuzira. Makoyilo a udzudzu ndi fodya wa abambo, zonsezo panja.

Amayi ndi atsikana, ganiziraninso zodzola. Ngati kuyabwa kunayamba mutasintha mafuta a kumaso, pensulo ya m'maso, guluu womatira nsidze kapena mankhwala a tsitsi, siyani zonse milungu iwiri, kenako muzibwezera chimodzichimodzi. Wolakwa adziulula yekha.

Kuntchito simungathawe, koma mungadzitchinge. Wa kabaza avale helemeti ya galasi kapena magalasi okuta m'mbali, wokwera naye pamsewu wafumbi atsinzineko galimoto ikamadutsa. Wa kuchigayo, wa kufakitale ndi wopopera mankhwala m'maesiteti apemphe magalasi oteteza kwa akapitawo, ndipo akapatsidwa awavale ndithu, osati kuwakoleka pachipumi. Othyola tiyi ndi olima chipewa cha khonde chimawathandiza kudzuwa ndi kuzouluka.

Mankhwala oyenera

Ngati mwatsuka ndi kuziziritsa sabata yathunthu koma kuyabwa ndi manthongo sizikutsika, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi mutatenga buku lanu la kuchipatala. Fotokozani zonse: zinayamba liti, zimakula nyengo iti, mwathiramo chiyani. Mabotolo ndi machubu onse amene mwagwiritsa ntchito anyamuleni, ngakhale otha. Ngati munathira mankhwala achikuda nenani, musaope kukalipiridwa, chifukwa adokotala akadziwa ndi pamene amathandiza bwino.

Mankhwala odonthezera a ziwengo odziwika kwambiri ndi sodium cromoglicate. Ntchito yake ndi kukhazika mtima pansi timaselo tija kuti tisatulutse histamine. Amadonthezedwa kanayi patsiku, ndipo sachita changu: pamatha sabata imodzi kapena awiri, nthawi zina kuposerapo, musanaone kusintha kwenikweni. Anthu ambiri amawataya tsiku lachitatu n'kumati ndi madzi chabe. Limbikirani, ndipo maso akayera musasiye mpaka nyengo yovutayo itadutsa kapena adokotala atanena. Amene akudziwa kale mwezi umene vuto lake limayamba achite bwino kuyamba kudonthezera milungu iwiri mweziwo usanafike. Palinso olopatadine ndi ketotifen, amene amadonthezedwa kawiri patsiku ndipo amaletsa kuyabwa msanga, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo. Akasowa kuchipatala, pemphani kuti akulembereni dzina lake m'buku mukagule ku famase yovomerezeka, osati pabenchi ya pamsika pamene botolo lakhala padzuwa tsiku lonse.

Mapiritsi monga cetirizine ndi loratadine amathandiza makamaka pamene mphuno nayo ikuvuta. Piriton amagwira ntchito koma amagonetsa, choncho woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena makina asamwe masana, ndipo asaphatikize ndi mowa. Mapiritsiwa nthawi zina amaumitsa m'maso, manthongo n'kukhala olimba, ndiye madontho a misozi aja musawasiye. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono ayambe afunsa kuchipatala, muyezo wa mwana si wongogawa piritsi pakati.

Kadonthezedwe kake nakonso kali ndi luso. Sambani m'manja, pukutani manthongo a kunja, wodwala apendeketse mutu chagada ayang'ane kumwamba. Kokerani chikope cham'munsi pansi pang'ono, mudonthezemo dontho limodzi lokha, kamwa la botolo lisagunde diso, nsidze kapena chala. Atsinzine mofatsa mphindi imodzi kapena ziwiri, chala chitadina pakona ya kumphuno kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Mwana wokana mugonekeni chagada atatsinzina, muike dontho pakona ya kumphuno, akangotsegula lilowa lokha. Ngati mitundu ya madontho ndi iwiri, pakati pake padutse mphindi 5, ndipo opaka akhale omaliza. Lembani pabotolo tsiku limene mwatsegula, pakatha masiku 28 tayani ngakhale atatsala. Botolo la munthu mmodzi ndi la iye yekha.

Chenjerani ndi madontho "amphamvu"

Pali madontho ena amene mukathira lero, mawa diso lili mbee, kuyabwa kwatha, manthongo kulibe. Anthu amauzana dzina lake, amabwerekana, amagula popanda kalata ya dokotala chaka ndi chaka. Ambiri mwa amenewa ali ndi steroid, mtundu wa mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. Werengani timalemba ta pabotolo: mukaona dexamethasone, betamethasone, prednisolone, hydrocortisone kapena fluorometholone, kaya payekha kaya pamodzi ndi dzina lina monga neomycin, dziwani kuti ndi omwewo.

Si kuti ndi oipa. Ziwengo zikakula kwambiri, madokotala a maso amawapereka ndithu, kwa nthawi yochepa, akumuona wodwalayo, akuyeza mphamvu ya madzi a m'diso, kenako n'kuwachepetsa pang'onopang'ono. Choopsa ndi kudzipatsa wekha miyezi ndi miyezi. Mwa anthu ena, makamaka ana, steroid amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mwakachetechete, popanda ululu uliwonse, mpaka mtsempha woonera kufa. Amenewo ndi matenda a glaucoma, ndipo kuona kumene kwapita sikubwereranso. Amayambitsanso ng'ala mwa mwana wamng'ono, ndipo akathiridwa padiso la chilonda, chilondacho chimakula mpaka kuboola. Zimandipweteka mtima kuti mwana amene vuto lake likanazilala lokha atakula akhoza kuchita khungu chifukwa cha botolo logulidwa mwachikondi. Ngati m'nyumba mwanu muli botolo lotere ndipo lagwiritsidwa ntchito milungu yambiri, pitani nalo kwa a maso mukapemphe kuti ayeze mphamvu ya m'diso ndi kukuuzani kasiyidwe kake. Mukapatsidwa madontho atsopano funsani mwaulemu: "Adokotala, kodi m'menemu muli steroid? Ndithire masiku angati, nanga ndibwerenso liti?"

Madontho ongoyeretsa diso, monga amene ali ndi naphazoline, nawonso si a tsiku ndi tsiku. Mukawazolowera, diso limafiira kwambiri mukangosiya.

Za mankhwala a kumudzi ndinena mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti anganga amene amafinyira masamba m'diso la mdzukulu amachita chifukwa chomukonda. Madzi a masamba, utomoni, mandimu, shuga, mkodzo, mkaka wa m'mawere, fodya, malovu, palibe chimodzi choyenera kulowa m'diso. Zina zimawotcha, zina zimalowetsa tizilombo, ndipo mkodzo wa munthu wa chinzonono ungathe kuwononga diso pamasiku awiri atatu. Kuwawa kwa mankhwala sikusonyeza kuti akugwira ntchito. Powakaniza achikulire musawanyoze, apatseni ntchito ina: "Agogo, akuchipatala ati tizimuika kansalu kozizira, inu ndi amene mumatha kumunyengerera, tithandizeni."

Mwana wa maso abulawuni

Pali mtundu wina wa ziwengo za m'maso umene umagwira ana kwambiri m'mayiko otentha ngati lathu, anyamata kuposa atsikana, kuyambira asanayambe sukulu mpaka kutha msinkhu. Choyera cha diso chimada n'kukhala chabulawuni, m'mphepete mwa pakuda mumatupa n'kuoneka timadontho toyera, kunsi kwa chikope cham'mwamba kumamera tizotupa tambiri, ndipo manthongo onanda aja amachuluka zedi. Mwanayo amayenda chowerama pothawa dzuwa. Ana otere amanamiziridwa zambiri: kuti ndi auve, kuti ayamba kusuta chamba, kuti awalodza. Palibe choona pamenepo. Ambiri vutoli limazilala akatha msinkhu. Ntchito ya makolo ndi kuwafikitsa pamenepo maso ali amoyo.

Mwana wotere asamangothandizidwa pakhomo. Aonedwe ndi wa zamaso ngakhale kawiri pachaka, makamaka chilimwe chisanafike, chifukwa tizotupa tija nthawi zina timakhula kagalasi ka diso n'kupanga chilonda. Kunyumba mungamuyese nokha kamodzi pamwezi: atseke diso limodzi ndi chikhatho osadina, awerenge zilembo za pakalendala ali chapatali, kenako diso linalo. Limodzi likayamba kutsalira, musadikire tsiku limene anakuuzani.

Pitaninso kusukulu mukaonane ndi aphunzitsi. Auzeni kuti matendawa sapatsirana, kuti mwana asabwezedwe kunyumba. Apempheni kuti asamusesetse bwalo kapena kufufutitsa bolodi, apatsidwe ntchito ina monga kuthirira maluwa, akhale kutali pang'ono ndi fumbi la choko koma poti aziona, ndipo aloledwe kuvala chipewa panja ndi kukasukusula nthawi yopuma. Dontho la masana likhoza kudonthezedwa akangoweruka, lina madzulo, lina pogona, kuti anayi aja akwane.

Kuchipatala chaching'ono zikakanika, pemphani kalata yopita kwa a zamaso kuchipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, ndipo funsiranitu masiku amene amaona maso kuti musawononge thiransipoti. Iwowo akaona kuti pakufunika zida kapena madokotala akuluakulu, amatumiza kuchipatala cha maso cha Lions chimene chili pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Gulupu kuja. Popita tengani kalatayo, buku la kuchipatala, kope lija la zolemba zanu, mabotolo onse akale ndi atsopano, chipewa cha mwana, ndi kansalu koyera m'kapepala kapulasitiki pamodzi ndi botolo la madzi owiritsa, chifukwa fumbi la paulendo limadzutsa kuyabwa musanafike n'komwe pa Luchenza.